Mizinda Yathu: Blantyre, Kumene Akuluakulu Amaphunzira Zisudzo Akaweruka

Mzinda wa Blantyre, umene unayamba m'chaka cha 1876 pamene amishoni a ku Scotland anakhazikika kufupi ndi phiri la Ndirande, umatchuka ndi malonda komanso mafakitale, koma ndi kunonso kumene zisudzo za m'Malawi zinakula mpaka kusanduka ntchito yoti munthu n'kudyerapo. Anthu ambiri amalawa zisudzo ali kusekondale, makamaka pa mpikisano wa ATEM, lomwe ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo akangolemba mayeso a Fomu 4 amazisiya ngati zachibwana. Maphunziro a digiri ya zisudzo amapezeka ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kumene sikulowa aliyense, choncho munthu wa zaka 35 kapena 40 amene ali pantchito ndiponso pabanja, koma akuona kuti masiku ake akungothera pakati pa ofesi ndi minibasi, sukulu yake imakhala gulu la zisudzo.

Magulu otere ali ndi mizu yakuya mumzindawu. Du Chisiza Jr anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987, gulu lochita masewero m'Chingerezi limene linasula akatswiri ambiri, ndipo iye atamwalira mu 1999 Gertrude Kamkwatira anapitiriza ntchitoyo asanayambitse gulu lakelake la Wanna Do. Kumbali ya Chichewa kunali gulu la Kwathu, komanso John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. Onsewa ankadzaza French Cultural Centre, malo amene boma litawagula linawatcha Blantyre Cultural Centre, ngakhale kuti kwa zaka zingapo anakhala owonongeka.

Wophunzira watsopano amafika kupulakatisi, ndiko kuti kukonzekera sewero, chakumadzulo ataweruka kapena Loweruka masana, nthawi zambiri mu holo ya tchalitchi kapena m'kalasi imene madesiki ake akankhidwira kukhoma. Phunziro loyamba si kuloweza mawu ayi, koma kupuma ndi kuima. Dayirekita, yemwe ndi wotsogolera sewero, amakhala kumapeto kwa chipinda n'kumuuza kuti abwereze chiganizo chimodzi kasanu kapena kakhumi mpaka mawu atafika kumpando womaliza popanda kukuwa, ndipo akangopatsa mbuyo oonerera amamubweza kuti ayambirenso. Bambo amene kuofesi amamugwadira amapezeka akudzudzulidwa ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, chinthu chimene chimabweza ena tsiku loyamba lomwelo. Otsalawo amayamba ndi mbali zazing'ono, monga mlonda kapena mayi wolira pamaliro, amene samayankhula n'komwe.

Masewero ambiri a Chichewa sadalira mawu olembedwa onse, popeza ochita sewero amangogwirizana mutu wa nkhani ndi kumene ikathere, kenako aliyense amapeka zoyankhula pomwepo. Apa m'pamene wamkulu amaposa wachinyamata, chifukwa amene anakhalapo nkhoswe pa mlandu wa banja, kapena anakanganapo ndi landilodi pa nkhani ya lendi, safunika kuuzidwa mmene anthu amayankhulira zinthu zikavuta. Chimene amasowa ndi kudziletsa, pakuti woyamba kumene amakonda kukokomeza chilichonse kuti anthu aseke, ndipo zimatenga miyezi kuti adziwe kuti kukhala chete pasiteji nakonso n'kusewera.

Bungwe la Nanzikambe Arts, limene linayamba m'chaka cha 2003, linakulitsa njira ina yotchedwa zisudzo za chitukuko, m'mene sewero limakhala poyambira kukambirana mavuto a m'dera, ndipo oonerera amaloledwa kulowerera n'kusintha mathero ake. Linagwiranso ntchito ndi akaidi a kundende ya Chichiri, anthu amene anakumana ndi zisudzo ali aakulu kale ndiponso m'malo amene palibe angawayembekezere. Kunena zoona, ndalama za pakhomo sizikwana kudyetsa gulu lonse, ndipo ambiri amapezako kangachepe akalembedwa ndi mabungwe kukachita masewero a zaumoyo kapena a pa wailesi, pamene ena amalipira okha minibasi kuchokera ku Bangwe kapena ku Chilomoni kuti akapezeke kupulakatisi ya Loweruka.