BATIRE LOTOPA LINGATHE KUUNIKIRA NYUMBA

Ife a m'Kawama muno, ku Kitwe, sitidzaiwala msanga mdima wa m'caka ca 2024. Mvula inakana, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika koopsa, ndipo pa 29 February mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Pofika mwezi wa September, mabanja ambiri anali kulandira magetsi a ZESCO kwa maola atatu okha pa tsiku. Ana a sukulu anawerengera pa kandulo, makolo ali ceru kuopa kuti ingagwere pa nsalu ndi kutentha nyumba.

M'mdima umenewo ena anakumbukira nzeru ya kale, pamene wailesi m'makomboni inali kulira ndi batire la galimoto. Kunena zoona, batire limene woyendetsa minibasi walikana kawirikawiri silinafe ai, langotopa. Kuliza injini kumafuna mphamvu yaikulu pa kamphindi, ndipo batire lokalamba silikwanitsa. Koma mababu a LED amamwa mphamvu pang'onopang'ono. Mababu atatu a mawati 3, akayaka maola anai, amadya gawo limodzi cabe mwa magawo 20 a mphamvu ya batire latsopano la 60Ah. Motero ngakhale lotopa lingaunikire nyumba madzulo onse ndi kuchaja foni.

Komabe, okondedwa owerenga, safunsa anadya phula. Musanagule, pemphani makaniko alichaje, ligone usiku wonse, m'mawa alipime. Labwino limaonetsa mavoti 12.4 kapena kuposerapo, loonetsa 10.5 lili ndi cipinda cimodzi cakufa, ndipo mukaligula mwataya ndalama. Mukafika nalo kunyumba, musamalikame mpaka nyali zitazima zokha, pakuti batire la galimoto likatheratu mphamvu kawirikawiri limafa msanga. Liumitseni likafika pa theka, ndiye kuti pa mavoti 12.2. Simbi ndi citofu si katundu wake.

Ikani fyuzi pa waya pafupi ndi batire, kuti mawaya akagundana fyuzi ipse m'malo mwa nyumba. Ngati mumachaja ndi sola, pakati pa sola ndi batire pakhale kacipangizo kochedwa charge controller, koletsa kuti lisadzaze mopitirira. Pochaja, batire limatulutsa mpweya umene umaphulika ukakumana ndi moto. Conco likhale popita mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya, ndiponso posafikira ana. Madzi ake akacepa, thiranimo madzi a batire ogula m'sitolo, osati a pa citsime.

Si banja lililonse lingagule sola palokha, koma mutu umodzi susenza denga. Mabanja anai kapena asanu oyandikana angasonkhe ndalama, sola n'kuiika pa denga limodzi, mabatire n'kumachajidwa mosinthana. Dzuwa limene kampani ya CEC inayamba kukolola ku Itimpi m'caka ca 2024, pa munda wa sola wa mamegawati 60, ndi lomwelo limene limawala pa malata athu, ndipo silifunsa malipiro.

Mau otsiriza ndi olemera kuposa onse. Tsiku lidzafika pamene batire lidzaferatu. M'kati mwake muli asidi wotentha khungu ndi mtovu, umene ndi poizoni. Abale athu a ku Kabwe akudziwa bwino: mgodi wa mtovu unatsekedwa m'caka ca 1994, koma fumbi lake linatsala m'nthaka ndi kulowa m'magazi a ana ambiri. Mtovu umafooketsa nzeru za mwana, ndipo zimene waononga m'ubongo sizibwereranso. Wophwanya batire pabwalo, wothira asidi m'ngalande, kapena wosungunula mtovu pa mbaula, akumanga ka Kabwe kake pakhomo pomwe ana amasewera.

Batire lakufa libwezeni lathunthu, losatsegula, kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale. Tinaliitana m'nyumba kuti ana athu awerenge ndi kukhoza mayeso. Cingakhale comvetsa cisoni ngati nyali yomweyo, cifukwa ca kusasamala kwathu, itawalanda nzeru zimene tinafuna kuwapatsa.