Magazi ndi Ubongo: Tidziteteze ku Matenda a Kufa Ziwalo

Tonse timadziwa ntchito ya ngalande kudimba. Madzi akamayenda bwino, mbatatesi ndi kabichi zimakula. Ngalande ikatsekeka ndi matope, mbewu za kumunsi zimafota. Ikagumuka, madzi amasefukira pamalo amodzi, kwina n'kuuma. Mitsempha ya magazi m'mutu mwathu ili ngati ngalande zimenezi, ndipo ubongo ndiwo dimba.

Ubongo ulibe nkhokwe

Ubongo ndi umene umatichititsa kuganiza, kulankhula ndi kuyenda. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ndi waung'ono, koma umadya kwambiri. Mpweya umene thupi limagwiritsa ntchito tikaugawa pasanu, gawo limodzi limapita ku ubongo.

Mpweya ndi chakudya zimafika ku ubongo ndi magazi. Magaziwo amakwera kumutu m'mitsempha ikuluikulu 4, iwiri kutsogolo kwa khosi, iwiri kumbuyo. Tiyeni tiike zala pambali pa kholingo. Kugunda kumene tikumvako ndi magazi akupita ku ubongo.

Ubongo susunga chakudya cha mawa. Magazi akasiya kufika, pakangopita mphindi zochepa mbali ya ubongo imene yasowa magaziyo imayamba kufa. Mbali yakufayo siphukanso.

Matenda amayamba bwanji?

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba, mtsempha umatsekeka ndi magazi oundana. Yachiwiri, mtsempha umaphulika, magazi n'kutayikira m'kati mwa mutu. Matenda amenewa timawatcha kufa ziwalo. Ena amati sitiroko.

Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamula dzanja ndi mwendo wa kumanja. Mbali ya kumanja imalamula kumanzere. N'chifukwa chake munthu amafa ziwalo mbali imodzi. Mwa anthu ambiri, kulankhula kumachokera ku mbali ya kumanzere. Ikavulala mbali imeneyo, mawu amasowa.

Munthu akagwa mwadzidzidzi chotere, pamudzi pamamveka zoti amulodza. Abale amadana, agogo osalakwa amalozedwa chala, wodwala ali chigonere m'nyumba. Tsopano tadziwa kuti vuto lili mu mtsempha. Tisataye nthawi kufunafuna mfiti.

Mdani wosaoneka

Chimene chimaononga mitsempha kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala kuno amati tensão alta, abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amati BP. Magazi akamakankha mitsempha mwamphamvu zaka ndi zaka, mitsemphayo imauma, imachepa m'kati, kenaka imatsekeka kapena kuphulika.

Matendawa nthawi zambiri sapweteka. Munthu amalima, amapalasa njinga kupita kumsika ku Ulónguè, osadziwa kanthu. Mu 2005 boma linayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lathu la Mozambique. Linapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mwa anthu 100 a vutoli, 15 okha ndiwo ankadziwa. Si matenda a anthu a m'tauni okha kapena a anthu onenepa okha.

Njira yodziwira ndi imodzi: kuyezetsa. Anamwino amamanga lamba pamkono, n'kuwerenga manambala awiri, ya pamwamba ndi ya pansi. Ya pamwamba ikafika 140, kapena ya pansi ikafika 90, pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti magazi akuthamanga. Ife tikuphunzira kuwerenga manambala. Tipemphe anamwino kuti atilembere, ndipo tisunge pepalalo.

Tingauteteze bwanji ubongo?

1. Tiziyezetsa magazi kamodzi pachaka, makamaka tikapitirira zaka 40. Amayi oyembekezera aziyezetsa nthawi zonse akapita kusikelo.

2. Tikapatsidwa mankhwala, tizimwa tsiku ndi tsiku, ngakhale thupi likumva bwino. Mankhwala amachepetsa vuto koma salichotseratu. Tikasiya, limabwerera.

3. Tichepetse mchere. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku. Imeneyi ndi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuwerengera chakudya chonse cha tsikulo. Caldo wothira m'ndiwo ali ndi mchere wambiri. Nsomba zouma zamchere, monga za ku Chicoa, tiziyamba taziviika m'madzi n'kutaya madziwo.

4. Tisiye kusuta. Fodya amaononga mitsempha, kaya ndi wa kusitolo kaya wopichira tokha.

5. Tichepetse mowa, makamaka kachasu.

6. Tizidya nyemba, nkhwani, mpiru, mapichesi ndi nthochi za m'minda yathu.

7. Odwala matenda a shuga asamaphonye tsiku lawo la kuchipatala, pakuti shuga nayenso amaononga mitsempha.

Zizindikiro zitatu

Kamwa lapotoka mwadzidzidzi. Dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka. Mawu sakumveka bwino, kapena munthu sakumva zimene tikunena. Tikaona chimodzi mwa izi, tisadikire kuti kuche. Tifune galimoto, njinga yamoto kapena ngolo, tipite naye kuchipatala chapafupi. Iwo akaona kuti n'koyenera adzamutumiza ku chipatala cha Ulónguè kapena ku chipatala chachikulu cha ku Tete.

Panjira timugoneke chammbali. Tisamupatse madzi, phala kapena mankhwala, chifukwa mwina sangathe kumeza ndipo angatsamwe. Zizindikiro zikatha zokha patapita mphindi zochepa, tipitebe tsiku lomwelo. Limenelo ndi chenjezo loti mtsempha watsala pang'ono kutsekeka.

Wodwala akabwerera kumudzi, tisamusiye yekha. Tizimutembenuza pogona kuti asatuluke zilonda, tizimuongola manja ndi miyendo, tizicheza naye. Mbali za ubongo zimene zatsala zimatha kuphunzira ntchito ya mbali yakufayo. Ambiri amayambanso kuyenda pang'onopang'ono.

Tikambirane

1. Kodi ubongo umafanana bwanji ndi dimba?
2. Ndani mwa ife anayezetsapo magazi chaka chino?
3. Munthu akadwala usiku m'mudzi mwathu, tingapite naye bwanji kuchipatala?

Tilembe m'makope mwathu: ubongo, magazi, mtsempha, mchere, 140, 90.