Kalata yokana patent si chigamulo chomaliza

Nyuzipepala muli nayo m'manjayi inayamba ngati chimpukutu cha pepala cholemera kuposa munthu. Makina osindikizira amachikoka mwaliwiro, ndipo luso lonse lagona pa kakokedwe. Likathina kwambiri pepala limaduka, makina n'kuima. Likakhwefuka limachita makwinya, mitundu inayi ya inki n'kuphonyana, munthu wa pachithunzi n'kuoneka wa maso anayi. Chovuta n'chakuti mpukutu umanka nuchepa, choncho mabuleki ake ayenera kumafewa nawo.

Ntchito yanga ndi kuthandiza otulukira maluso otere kupeza patent, chikalata choletsa ena kudyerera luso lawo kwa zaka 20 kuchokera tsiku lopempha. Tsiku lina kunabwera bambo ena, injiniya, atagwa mphwayi. Anapanga kachipangizo koyeza mmene pepala lathinira n'kumalamula mabuleki, koma wounika mapempho a patent anakana. Anati zipangizo zoyang'anira kuthina kwa pepala zotchedwa dancer roller ndi load cell zinalipo kale, ndipo mmisiri aliyense akanaganiza zoziphatikiza.

Anthu ambiri amasiyira pomwepa, ndipo zimandiwawa. Wounika si mdani. Kalata yake ndi maganizo a munthu mmodzi, oti angatsutsidwe. Ku America pempho likakanidwa kawiri, mwini wake angachite apilo ku Patent Trial and Appeal Board, kumene nthawi zambiri oweruza atatu amamva nkhaniyo. ARIPO, ofesi ya patent ya ku Harare, imene Malawi ndi Zambia ndi mamembala ake, ilinso ndi bungwe la apilo.

Mkangano umagona pa mawu amodzi: chodziwikiratu. Mu 2007, pa mlandu wa KSR ndi Teleflex, khoti lalikulu la ku America linafewetsa njira yokanira luso lophatikiza zinthu zakale, komabe linati wokanayo afotokoze chifukwa chomveka chimene mmisiri akanaziphatikizira. Kungoloza zikalata ziwiri za maluso akale sikokwanira. Chinthu ukachiona chitatheka kale, chimaoneka chophweka.

Koma oweruza a apilo sayendera fakitale. Amawerenga zimene zili kale mufayilo, ndipo umboni watsopano salandira wamba. Ndiye ndinawafunsa bambo aja: "Bambo, pepala linkaduka kangati pa usiku umodzi musanaike kachipangizoka? Nanga polumikiza mpukutu watsopano makina ali mkati mothamanga?" Mayankho anali m'mabuku a ogwira ntchito usiku, othimbirira ndi inki. Ndinawapempha akawatenge, tilembe umboni wolumbirira wosonyeza kuti lusoli silinali lodziwikiratu, tiupereke kwa wounika tisanatchule n'komwe za apilo.