KODI TIYI ANGALIMIDWE KUNO KU TEMBWE?

Alimi anzathu, mpunga ukakololedwa ndipo thonje likapita ku msika, anthu a m'midzi ya Mfumu Tembwe amapeza danga la kuceza. Amai atereka ketulo pa mafuwa, mlendo apatsidwa mpando, ndipo nkhani ziyamba: za mitengo ya mbeu, za njobvu zolowa m'minda, za madzi a Luangwa. Pa maceza otere pamabuka funso lakuti, "Popeza titaya ndalama pogula masamba a tiyi ku sitolo, bwanji osabzala tokha?" Safunsa anadya phula, motero tiyeni tiliyankhe funsoli.

TIYI NDI MTENGO

Tiyi ndi masamba a mtengo umene anayamba kuulima ndi anthu a ku China. Ukalekereredwa umatalika kuposa nyumba, koma alimi amaudulira kuti ulekeze m'ciuno, othyola asabvutike. Wobzala mbande adikira zaka ngati zitatu asanayambe kukolola, koma mtengowo ukhoza kupatsa masamba zaka zoposa 50.

Pothyola satenga tsamba liri lonse iai. Atenga nsonga yokha, ndiwo masamba awiri anthete ndi kamphukira kace. Masambawo ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, kumene amawafotetsa, kuwaphwanya ndi makina, kuwayanika kufikira asanduka ofiirira, ndi kuwaumitsa ndi mpweya wotentha. Makilogalamu 4 kapena 5 a masamba awisi apatsa kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma.

DZIKO LIMENE AFUNA

Ku Malawi, Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje m'caka ca 1891, ndipo pambuyo pace ulimiwu unafika ku Thyolo. Kuno ku Zambia minda ya tiyi inatsegulidwa ku Kawambwa, m'cigawo ca Luapula. Malo onsewa ngamvula yambiri. Tiyi afuna mvula yoposa mamilimita 1,200 pa caka, nthaka yakuya yosasunga madzi, ndi mphepo yozizirira.

Tsono taonani kwathu kuno. Tikhala m'cigwa ca Luangwa, kumene mvula ileka miyezi yambiri ndipo dzuwa la mu October liwamba ngati moto. Mbande za tiyi zingafote zisanagwire, ndipo fakitale palibe pafupi. Munthu woyesa ulimiwu angotaya ndalama ndi mphamvu zace. Dziko liri lonse liri ndi mbeu yace. Madambo athu akonda mpunga, ndipo mpunga wa ku Chama uli ndi mbiri kufikira ku Lusaka. Limani mpunga mosamala, ndipo ndalama ya tiyi siidzasowa m'nyumba.

KAMWEDWE KABWINO

1. Madzi awire ndithu asanathiridwe masamba. Kuwiritsa kupha tizirombo ta kolera ndi ta matenda ena a m'mimba, makamaka ngati madziwo atungidwa ku mtsinje.

2. Musamwe tiyi pamodzi ndi nsima. Tiyi aletsa thupi kutenga bwino cakudya copanga magazi ca m'ndiwo monga nyemba ndi masamba. Dikirani ola limodzi. Amai apakati asamale kwambiri pa ici.

3. Mwana wamng'ono asapatsidwe tiyi m'malo mwa phala. Tiyi angodzaza mimba, koma phala lotendera nsinjiro ndilo likulitsa mwana.

4. Sungani masamba m'citini cotseka bwino, kutali ndi sopo ndi parafini, cifukwa tiyi atenga msanga pfungo la zinthu zina.

Potsiriza, musapeputse maceza a pa kapu ya tiyi. Pamenepo ndi pamene mlimi amamva kwa mnzace mbeu imene inacita bwino ndi wogula amene ali ndi sikelo yolungama. Mlangizi wa zaulimi akafika pamudzi, muterekereni madzi, mukhale naye pansi, ndi kumfunsa zonse zimene zikubvutani m'munda.