Masewera a Nsapato za Matayala ndi Dera la M'mphepete mwa Nyanja

Masewera a nsapato za matayala ndi amene munthu amavala nsapato zokhala ndi timatayala kuphazi n'kumayenda motsetsereka. Nkhani ino ikufotokoza chiyambi cha masewerawa ndi chifukwa chimene savuta kufala m'madera ena koma n'kukanika m'madera ngati Chintheche, Kande ndi Usisya m'boma la Nkhata Bay.

Cha m'ma 1760, John Joseph Merlin wa ku Belgium anaonetsa nsapato zoterezi mumzinda wa London. Popeza zinalibe poimitsira, iye anakaomba galasi lalikulu n'kuvulala. Mu 1863, James Plimpton wa ku America anakonza nsapato za matayala anayi, awiri kutsogolo ndi awiri kumbuyo. Wosewera akapendekera mbali imodzi, matayalawo amakhotera komweko, motero kukhota kunaphweka ndipo masewerawa anatchuka.

Ena amasewera pongosangalala ndi kulimbitsa miyendo, ena amapikisana pa liwiro. Palinso mpira wa hoke, umene timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu omenya kampira ndi ndodo zokhota. Anansi athu a ku Mozambique, amene mapiri awo timawaona tsidya lina la nyanja, anauphunzira mpirawu m'nthawi ya Apwitikizi. Mu 2011 timu yawo inakhala yachinayi pa mpikisano wa dziko lonse ku San Juan, m'dziko la Argentina, ndipo mu 2013 mpikisanowu unachitikira ku Angola.

Chinsinsi cha masewerawa chagona pansi pomwe munthu akuponda. Timatayalato timafuna malo olimba ndi osalala. Pamchenga wa ku Kande timatitimira, ndipo mchenga ukalowa mkati mwake timaleka kuzungulira. Ku Usisya njira ndi zafumbi ndi zotsetsereka kwambiri. Malo osalala aakulu ndi msewu wa M5 wodutsa ku Chintheche, koma m'menemo mumathamanga minibasi ndi malole. Mwana amene wapeza nsapatozi pa kaunjika akakaphunzirira pamenepo aika moyo wake pachiswe, pakuti wophunzira sadziwa kuima msanga.

Choncho chofunika choyamba si nsapato koma bwalo la simenti. Sukulu imene ikumanga bwalo la ntchemberembaye ikhoza kulisalaza bwino kuti ligwire ntchito ziwiri. Ophunzira azivalanso chipewa cholimba ndi zotchinjiriza maondo ndi zigongono, chifukwa kugwa n'kosapeweka kwa aliyense woyamba kumene.