Galimoto yakale ikamakonzedwa pakhomo, ana atetezeni

Datsun 240Z ndi galimoto yaliwiro ya mipando iwiri imene kampani ya Nissan ya ku Japan inayamba kugulitsa kumapeto kwa chaka cha 1969. Kwawo ku Japan inkadziwika ndi dzina lakuti Fairlady Z. Ili ndi injini ya masilinda 6, ya malita 2.4, ndipo kuno ku Africa inatchuka itapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1971 ikuyendetsedwa ndi Edgar Herrmann, komanso mu 1973 ikuyendetsedwa ndi Shekhar Mehta. Lero, patatha zaka zoposa 50, anthu m'maiko ambiri amagula mabwinja a galimotoyi n'kumaikonza okha pakhomo kwa miyezi kapena zaka, mpaka iwonekenso ngati yatsopano.

Mwina m'dera lanu mulibe 240Z. Komabe galimoto zakale za ku Japan zokhazikidwa panjerwa kuseri kwa nyumba mumaziona, ndipo pamene bambo kapena malume akumasula mabauti, ana amakhala akusewera pomwepo. Zoopsa zimene wokonza 240Z amakumana nazo ndi zomwezo zimene zili pa Corolla kapena pikapu yakale. Tiyeni tizione chimodzichimodzi monga momwe ntchitoyo imayendera.

Kupala dzimbiri ndi penti yakale

Mdani wamkulu wa 240Z ndi dzimbiri, makamaka pansi popondapo, m'mbali mwa matayala ndi pamene pamakhala batire. Ntchito yoyamba imakhala kupala penti yakale mpaka chitsulo chionekere. Apa ndi pamene mtovu umatulukira. Penti yambiri ya galimoto ya nthawi imeneyo inkakhala ndi mtovu, ndipo opanga galimoto ankamata mtovu polumikizira zitsulo zina. Mukapala ndi sandipepa kapena makina, mtovuwo umasanduka fumbi losalala limene limatera pansi, pazovala ndi patsitsi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana ndiye ali pangozi yaikulu chifukwa amakwawa, amadya dothi ndi kuyamwa zala, ndipo pa mtovu umene wameza, thupi lake limatenga wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Mwana wopereweredwa ayironi kapena kashiamu amatenga wochulukirapo. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula, ndipo kwa mayi woyembekezera umakafika kwa mwana ali m'mimba. Chovuta n'chakuti nthawi zambiri sipakhala chizindikiro. Ena amachepa magazi, amamva m'mimba kupota kapena kudzimbidwa. Ena zimadzaonekera kusukulu akamalephera kugwira maphunziro.

Choncho palani mutanyowetsa malowo ndi madzi kuti fumbi lisauluke, yalani pepala la pulasitiki pansi, ndipo musasese fumbilo ndi tsache louma. Ovololo isalowe m'nyumba ndipo ichapidwe payokha. Wokonzayo asambe asanadye komanso asananyamule mwana.

Chitsulo chadzimbiri chimachekanso. Kafumbata sayamba chifukwa cha dzimbiri lenilenilo ayi, koma tizilombo tokhala m'dothi ndi m'fumbi timene timalowa pabala, makamaka bala lakuya. Tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala akaone ngati mukufunika katemera. Musathire oyilo, petulo kapena madzi a mabuleki pabala.

Fumbi la mabuleki

Mabuleki ndi kilachi za galimoto za m'zaka za m'ma 1970 zinkapangidwa ndi asbestos, mwala wa ulusi umene supsa ndi moto. Dziko la Japan linaletsa asbestos pafupifupi m'zinthu zonse mu 2006, koma galimoto imene yakhala zaka zambiri osayenda ikhoza kukhala ndi zipangizo zake zakale. Ulusi wake ndi waung'ono kwambiri moti suoneka ndi maso. Ukalowa m'mapapo ungakhale momwemo moyo wonse, ndipo ungayambitse zipsera m'mapapo, khansa ya m'mapapo, kapena khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma. Matendawa amaonekera patatha zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo osuta fodya ali pangozi yaikulu ya khansa ya m'mapapo.

Chizolowezi chouzira fumbi la mabuleki ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa n'choopsa. Nyowetsani fumbilo, lipukuteni ndi kansalu konyowa, ndipo kansaluko kaikeni m'jumbo n'kumanga.

Kuliza injini m'galaja

Injini ya 240Z imalandira mafuta kudzera m'ma carburettor awiri, ndipo kuti agwire ntchito mofanana amawatchuna injini ikulira. Galimotoyi inapangidwa zisanafale zida zoyeretsa utsi zotchedwa catalytic converter, choncho utsi wake uli ndi mpweya wambiri wa carbon monoxide. Ndi mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June kapena July. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'magazi umakakamira pamene pamayenera kukhala okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200.

Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene ambiri angaganize kuti ndi malungo. Mukaona anthu awiri kapena atatu a malo amodzi adwala mutu nthawi imodzi, ndipo akupezako bwino akatuluka panja, ganizirani za mpweyawu. Mutulutseni wodwalayo, zimitsani injini ngati mungathe kutero mwamsanga, ndipo thamangirani naye kuchipatala kumene angamupatse okosijeni. Kutsegula chitseko cha galaja sikokwanira. Galimotoyo ikankhireni panja, kutali ndi mawindo a chipinda chogona.

Mabotolo amene amakopa ana

Kwa ife ogwira ntchito m'zipatala, ngozi imene timaidziwa bwino ndi ya mwana amene wamwa parafini kapena petulo wosungidwa m'botolo la zakumwa zozizilitsa kukhosi. Pamalo okonzera galimoto mabotolo otere amachuluka: petulo, mankhwala osungunulira penti, madzi a mabuleki, ndi madzi oziziritsa injini othira mu radiator.

Petulo, parafini ndi zosungunulira penti zimavulaza kwambiri zikalowa m'mapapo, ndipo kadontho kochepa kangayambitse chibayo. N'chifukwa chake simuyenera kumusanzitsa mwanayo: posanza mafutawo amadutsanso pakhosi n'kupeza mpata wina wolowera m'mapapo. Musamukakamize kumwa mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere. Muvuleni zovala zonyowa ndi mafutawo, musambitseni ndi sopo, n'kupita naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, pakuti kubanika ndi kutentha thupi zikhoza kuyamba patatha maola angapo.

Madzi oziziritsa injini ndi oopsa mwa njira ina. Ambiri ali ndi ethylene glycol, amene amatsekemera, ndipo amapakidwa mtundu wobiriwira, wofiira kapena wabuluu ngati chakumwa cha ana. Poyamba mwana amangooneka ngati waledzera. Kenako chiwindi chimasandutsa mankhwalawo kukhala asidi, mwana amayamba kupuma mofulumira, ndipo pakatha tsiku limodzi mpaka atatu impso zikhoza kuleka kugwira ntchito. Thandizo limagwira bwino impso zisanawonongeke, choncho musadikire kuti muone mmene kuchere. Tengani botololo kuti achipatala adziwe chimene wamwa.

Chilichonse chikhale m'botolo lake lenileni, chotsekedwa, ndipo chikiyiridwe pamwamba. Oyilo wakutha musamutaye pansi kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musasambe m'manja ndi petulo. Oyilo wotere akamakhala pakhungu kawirikawiri amayambitsa zidzolo ndipo amawonjezera chiopsezo cha khansa ya pakhungu.

Batire, jeke ndi moto

Mubatire muli mtovu ndi asidi wa sulphuric. Pamene ikutchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto kapena ndudu, choncho isatchajidwe m'chipinda chogona kapena kukhitchini. Asidi akagwera m'diso, tsukani nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20, diso lili chitsegulire, ndiyeno pitani kuchipatala. Batire yakutha musaiswe pakhomo.

240Z imalemera kupitirira pang'ono tani imodzi, kuposa matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Jeke ndi yokwezera galimoto basi, si yoti munthu agone pansi pake. Njerwa nazo zimaphwanyika mosachenjeza. Gwiritsani ntchito zochirikizira zachitsulo zopangidwira ntchitoyi, pamalo olimba ndi athyathyathya, mutatsekereza matayala otsalawo. Pakhale munthu wamkulu pafupi, ndipo makiyi asasiyidwe m'galimoto.

Powotcherera zigamba, kuwala kwake kumawotcha maso, ndipo ululu umayamba patatha maola angapo, nthawi zambiri usiku, ngati m'maso mwalowa mchenga. Ana amakonda kuima n'kumaonerera, athamangitseni. Thanki ya petulo ngakhale yopanda kanthu imakhala ndi mpweya wokwanira kuphulika, choncho isayandikire moto.

Kupopera penti

Penti yonyezimira imene ambiri amafuna pomaliza ntchito ndi ija yosakaniza ndi mankhwala oumitsa, yodziwika kuti 2K. Mankhwala oumitsawo ali ndi isocyanate, amene m'maiko ambiri ndi chimodzi mwa zoyambitsa zazikulu za mphumu yoitenga kuntchito. Thupi likangoyamba kudana nawo, ngakhale kampweya kochepa kamatseka chifuwa, ndipo vutoli likhoza kukhala la moyo wonse. Kansalu kapamphuno kapena masiki ya kuchipatala siteteza. Pamafunika chophimba nkhope cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, ndi chipinda chopoperamo chokoka utsi. Gawo ili ndi loyenera kulipereka kwa amisiri amene ali ndi zida zimenezi. Wopopera penti amene amatsokomola usiku, koma n'kumapezako bwino masiku amene sakugwira ntchito, apite akapimidwe ndipo auze achipatala ntchito imene amagwira.

Inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, mukafika pakhomo pamene pakukonzedwa galimoto, onani zinthu zinayi: pamene ana amasewera ndi pamene amayi amaphikira, mabotolo amene ali pansi, chimene chachirikiza galimotoyo, ndi kumene ovololo imachapidwira. Lankhulani ndi mwini ntchitoyo mwaulemu, pakuti kwa ena imeneyi ndi ntchito yodyetsera banja. Mugwirizane naye kuti amange kampanda, apeze bokosi lokhala ndi loko, ndipo aike ndowa ya madzi oyera ndi sopo pafupi ndi malo ogwirira ntchito. Mukadzabweranso pakhomopo, muone ngati zimenezi zachitika.