Nyumba ya masisitere yomwe Dublin anakana kuigulitsa

Mumsewu wa Sean McDermott mumzinda wa Dublin, ku Ireland, muli chinyumba cha njerwa zofiira chomwe chakhala chopanda anthu kwa zaka zambiri. Chinali cha masisitere achikatolika a chipani cha Our Lady of Charity. Kuseri kwake kunali malo ochapirako zovala, amodzi mwa otchedwa Magdalene Laundries, ndipo ndi amene anali omaliza kutsekedwa m'dzikolo mu 1996.

M'malo oterewa ankasungiramo atsikana ndi amayi oyesedwa ochititsa manyazi, ena chifukwa chotenga pathupi asanakwatiwe, ena chifukwa cha umasiye chabe. Ankachapa ndi kusita popanda malipiro, ambiri atapatsidwa mayina ena. Lipoti la boma la 2013 lidati amayi pafupifupi 10,000 adadutsamo kuyambira 1922, ndipo nduna yaikulu Enda Kenny adapepesa.

Chatsala pamalopo lero ndi nyumba ya masisiterewo ndi katchalitchi kake. Mu 2018 makhansala adakana kugulitsa malowa ku kampani ya mahotela ya ku Japan, Toyoko Inn. Mantha a anthu anali omveka: mu 1993 chipani chomwechi chitagulitsa malo ake ena ku High Park, ofukula manda adapeza mitembo 155 pomwe chilolezo chinkanena za 133, ndipo ina sinadziwike kuti ndi ya yani.

Mu 2022 boma lidalengeza kuti nyumbayi idzakhala malo achikumbutso ndi osungirako zikalata, komwe opulumuka ndi abale awo azikafufuza mbiri yawo.